Sindikonda mpira: cholakwika chili mwa ine kapena dziko ndilo lasokera?

Funso

Zikomo amayi. Ndine bambo wa zaka 36, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama ku Lilongwe. Chibadwire sindinakondepo masewero alionse. Ku pulayimale ndinkakhala womaliza kusankhidwa, ndipo akandisankha ankandiika pagolo kuti ndisawasokoneze. Lero Lolemba lililonse kuofesi nkhani imakhala ya Arsenal, Maule ndi Manoma, ine n'kungokhala duu ngati mlendo. Alamu anga anandifunsapo pagulu kuti, "Mwamuna wanji wopanda timu?" Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti dziko losauka ngati lathu limakongola ndalama zomangira bwalo la mpira, chonsecho mayi anga anabwezedwa kuchipatala kuti akagule okha mankhwala a BP. Kodi cholakwika chili mwa ine, kapena masewero tawapatsa malo amene sakuwayenera? Chinanso, mwana wanga wamkazi wa zaka 11 wayamba kulirira kuti azikasewera mpira wamiyendo ndi anzake. Ndimulole?

Yankho

Bambo, ndiyambe ndi chimene chakhala chikukusautsani kuyambira muli mwana: mwa inu mulibe cholakwika chilichonse. Amene ndikukuuzani zimenezi ndine munthu amene ndadyera masewero moyo wanga wonse. Ndinaphunzitsa maphunziro olimbitsa thupi kwa zaka zoposa 30, poyamba kwa ana, kenako kwa aphunzitsi amene ankakonzekera kukaphunzitsa ana, ndipo masiku ambiri a Loweruka ndinawathera pabwalo, wenzulo ili kukamwa, ndikuyimbira mpira wamanja. M'kalasi iliyonse imene ndinaimamo munali ana amene mtima wawo sunkadumpha akaona mpira. Sanali odwala, sanali aulesi. Wina ankakonda kwaya, wina ziweto, wina manambala ngati inu. Munthu wosakonda kwaya sitimufunsa kuti wadwala chiyani, ndiye wosakonda mpira timufunsirenji?

Komabe m'kalata yanu muli mawu amene sindingawalumphe: munkakhala womaliza kusankhidwa. Pamenepa pali mlandu, ndipo mlanduwo ndi wathu aphunzitsi. Sukulu ili ndi mpira umodzi, ana ali 100 kapena kuposa, mphunzitsi watopa. Chophweka n'kuitana anyamata awiri odziwa kusewera n'kuwauza kuti asankhe anzawo. Mzere uja umayamba kuchepa mmodzimmodzi, aliyense akuona, mpaka patsala mwana mmodzi kapena awiri amene palibe akuwafuna. Mwana ameneyo tsiku limenelo saphunzira mpira. Amaphunzira kuti thupi lake ndi chinthu chochititsa manyazi.

Ine ndinachita zimenezi kwa zaka zingapo ndisanazindikire. Ndimakumbukira mnyamata wina wa Sitandade 6 amene Lachitatu lililonse masana ankati mutu ukumupweteka. Ndinamupatsa chilango chotchetcha udzu kangapo konse. Nditapita kwawo kukaonana ndi makolo ake ndinapeza kuti mwanayo ankayenda ola ndi theka kubwera kusukulu, ndipo akaweruka ankasenza chimanga kupita kuchigayo. Thupi lake linali lamphamvu kuposa la anzake ambiri. Sankathawa thukuta ayi, ankathawa kusekedwa. Kuyambira pamenepo ndinaleka kusankhitsa ana matimu, ndipo mphunzitsi aliyense amene anadutsa m'manja mwanga ndinamuletsa mchitidwe umenewu. Sindikutanthauza kuti mukanapeza mphunzitsi wabwino bwenzi lero muli wokonda mpira. Mwina ayi ndithu. Ndikungofuna mulekanitse kusakonda masewero, kumene ndi chibadwa chanu, ndi chilonda chimene anakusiyirani pagolo paja, chimene simunayenera kukhala nacho.

Za alamu anuwo, mwina ankangochita nthabwala za pachilamu, koma ngati mawuwo anakulasani muwauze pambali mwaulemu. Ndipo mudziwe izi: mpira wamiyendo si mwambo wa makolo athu. Unabwera ndi amishoni ndi atsamunda, n'kufala kudzera m'sukulu, m'magulu a asilikali ndi m'makampani. Wanderers (Manoma) inayamba mu 1962, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM mu 1966, Bullets (Maule) mu 1967. Agogo awo a alamu anuwo anakula, kukwatira, kumanga nkhokwe ndi kuweruza milandu kwa amfumu alibe timu iliyonse, ndipo palibe amene anakayikira zoti ndi amuna.

Tsono ndikupempheni kuti anzanu a kuofesiwo musafulumire kuwaona ngati anthu otaya nthawi. Funso loti "mumasapota timu iti?" limagwira ntchito imene mafunso ena sangaigwire. M'dziko muno ukafunsa munthu kuti kwawo n'kuti, amapemphera kuti, kapena anavotera ndani, wayamba kale kumuika m'khola. Mpira umapatsa anthu osadziwana nkhani yoti akangane mpaka mawu kusasa, kenako n'kugawana chimanga chootcha. Pa sitandi ya Maule mupeza Mtumbuka, Mlomwe, Myao ndi Msena atakumbatirana chifukwa cha chigoli chimodzi, bwana ndi mlonda wake akufuula mawu amodzimodzi. Malo oterewa tili nawo ochepa.

Ndipo njala yosonkhana n'kupikisana popanda kukhetsa mwazi inalipo mpira usanatchuke. Taonani malipenga a ku Nkhata Bay, mganda wa ku Dowa ndi Ntchisi, beni wa ku Mangochi. Magule amenewa anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Magulu ake amavala yunifolomu, amakhala ndi maudindo, amayenda ulendo kupita kumudzi wina kukapikisana, anthu a kwawo akuwachemerera. Ngakhale pa bawo pansi pa mtengo pamakhala oonerera amene amakangana kuposa osewera eni ake. Mpira unangolowa m'nyumba imene inali itamangidwa kale.

Usiku wa pa 25 Januwale 2022 sindidzauiwala. Namondwe wotchedwa Ana anali atangowononga malo opangira magetsi a Kapichira, madera ambiri anali mumdima, kuchigwa cha Shire anthu anali atathawa madzi, nyumba zitakokoloka. Usiku womwewo Flames inkasewera ndi Morocco ku Cameroon, koyamba m'mbiri yathu kufika ndime ya matimu 16 mu chikho cha Africa. Kwathu tinaunjikana pa wayilesi ya mabatire. Gabadinho Mhango atamenya mpira uja ali kutali ndi golo n'kulowa, mfuu unamveka dera lonse, mumdima momwemo, kuchokera ngakhale m'nyumba za anthu amene ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu. Tinagonja 2-1. Kapichira inatenga nthawi yoposa chaka kuti ibwerere mwakale, ndipo amene anataya nyumba chigoli chija sichinawabwezere ngakhale lata limodzi. Chisangalalocho sichinali chabodza, ndinachimva ndekha m'chifuwa. Koma sichinaphike nsima.

Anzathu a ku Zambia amazidziwa izi kuposa ife. Mu Epulo 1993 ndege imene inanyamula timu yawo inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, anthu 30 n'kufa, 18 mwa iwo osewera. Mu 2012 Chipolopolo inakatenga chikho cha Africa mumzinda womwewo. Munthu sangauze mwana wa mmodzi mwa osewera aja kuti mpira ndi anthu 22 ongothamangitsa chikopa.

Tibwere ku ndalama, pakuti mpamene pagona nkhani. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo inu amene muli kunja kwa bwalo mukuona zimene ife okonda masewero timazitsekera maso. Bwalo la Bingu ku Lilongwe linamangidwa ndi ngongole ya madola pafupifupi 70 miliyoni yochokera ku China. Limalowa anthu oposa 40,000 ndipo linatsegulidwa mu Januwale 2017. Pa 6 Julaye chaka chomwecho, pa chikondwerero cha zaka 53 za ufulu wodzilamulira, anthu 8 anafa popondana pa zipata za bwaloli, 7 mwa iwo ana. Mpira wa Bullets ndi Silver Strikers umene anthuwo anadzera unaseweredwabe tsiku lomwelo. Ine ndinachita manyazi ndi ntchito yanga tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti wenzulo sinayenera kulira mitembo ya ana ili kuchipatala. Patangotha zaka zinayi, mu 2021, bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linakana bwaloli kuti silinafike pa muyezo wofunika, Flames n'kumakasewerera masewero ake apakhomo ku Orlando Stadium ku Johannesburg. Ngongole ili pamutu, bwalo lili poteropo, ndalama zina n'kumapita ku ndege ndi mahotela akunja. Kumanga tinamanga, koma zosamalira sitinaziwerengere.

Si ife tokha. South Africa, dziko lolemera kutiposa kutali, inamanga ndi kukonza mabwalo a chikho cha dziko lonse cha 2010, ndipo mizinda ina monga Cape Town yakhala ikuvutika kupeza ndalama zosamalira mabwalo akewo. Akatswiri a zachuma amene afufuza za mabwalo akuluakulu m'mayiko osiyanasiyana, ambiri amagwirizana kuti mabwalowa kawirikawiri sabweza ndalama zimene anadya. Chifukwa chake inu a manambala muchiona msanga. Bwalo limadzaza masiku owerengeka pachaka, koma kapinga, magetsi, madzi ndi alonda zimafuna ndalama tsiku ndi tsiku. Ndipo ndalama imene wosapota wagula nayo tikiti si yatsopano m'tauni, ndi yomwe akanagulira china pamsika.

Nanga bwanji amamangidwabe? Chifukwa bwalo limaoneka, limajambulika, limatheka kulipatsa dzina la mtsogoleri. Mankhwala a BP amene ali pa shelefu ya chipatala cha kumudzi palibe amabwera kudzawadulira riboni. Andale athu onse akhala akudziwa mphamvu ya khamu lodzaza bwalo. M'nthawi ya Kamuzu, bwalo la ku Blantyre linali malo a zionetsero za achinyamata ndi magule a amayi pa 6 Julaye. Bullets inatchedwapo Bakili Bullets pamene mtsogoleri wa dziko ankaithandiza, ndipo mu 2004 inafika ndime ya magulu mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Chisankho cha 2019 chikuyandikira, Bullets ndi Wanderers analonjezedwa mabwalo awoawo omangidwa ndi ndalama za boma. Sindikuloza chipani chimodzi, onse amwapo pa chitsime chimenechi. Onaninso mayina a matimu amene akhala akusewera mu ligi yaikulu: Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks, Moyale Barracks, Red Lions ndi MAFCO ndi za asilikali, Civil Service United ndi ya ogwira ntchito m'boma, Silver Strikers ndi ya Reserve Bank. Ndalama za anthu zimalowa m'bwalo sabata iliyonse, kaya inu mwapitako kaya ayi. Ndiye ufulu wofunsa muli nawo wonse, ndipo munthu asakutsekeni pakamwa ponena kuti za mpira simuzidziwa.

Koma ndikuwongoleni pamodzi. Ngongole ija sinabwere ngati ndalama za m'thumba zoti boma lisankhe kugula mankhwala kapena simenti. Inabwera yomangira bwalolo. Ndipo ndalama zimene bajeti ya dziko imapereka ku masewero ndi kachigawo kakang'ono poyerekeza ndi za umoyo ndi maphunziro. Mutatseka mabwalo onse mawa, mayi anu akhoza kubwezedwabe kuchipatala chimanjamanja. Kusowa kwa mankhwala kuli ndi mizu yakeyake: kubedwa kwa mankhwalawo, kuperewera kwa ndalama zakunja zowagulira, kuchedwa kulipira owagulitsa, komanso kulephera kwathu kwa zaka zambiri kufika pa lonjezo limene mayiko a mu Africa anapanga ku Abuja mu 2001, loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku umoyo. Mkwiyo wanu wonse ukathera pa mpira, wakuba mankhwala agona tulo tabwino. Chimene mwalondola n'chakuti ngongole imabwezedwa, ndipo obweza ndinu, kudzera mu msonkho umene amakudulani pa malipiro, ndi mayi anu, kudzera mu msonkho umene amalipira akagula zinthu m'sitolo.

Funso limene ine ndakhala ndikufunsa m'misonkhano kwa zaka zambiri ndi lakuti, ndalama zochepa za masewerozo zimapita kwa yani? Timu imene yatchukitsa dziko lino kuposa ina iliyonse ndi ya amayi, ya ntchemberembaye. Ma Queens anakhala achisanu padziko lonse ku Auckland mu 2007. Mwai Kumwenda, mtsikana wa ku Mzimba, anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015. Mu 2018 anagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth. Zonsezi anazichita akukonzekera pa simenti ya panja ku Blantyre Youth Centre, dzuwa likuwaotcha, mawondo akuphwanyika, pamene anzawo amene ankakapikisana nawo ankasewera pa matabwa m'nyumba. Nyumba yamakono ya masewero otere, imene inapatsidwa dzina la mphunzitsi wawo wakale Griffin Saenda, inabwera mu 2022, ndipo inabwera chifukwa dziko linkalandira masewero a achinyamata a m'chigawo chino cha Africa. Nthawi yonseyi mabwalo a m'sukulu za pulayimale akhala akuchepa: pena pamangidwa kalasi, pena palimidwa chimanga, pena m'tauni wina wadulapo puloti. Ana akusewerabe chikulunga cha mapepala apulasitiki pamsewu, akuthawa magalimoto. Ine akanandifunsa ndikanasankha mabwalo aang'ono ambirimbiri osalazidwa bwino, mipira yokwanira ndi aphunzitsi ophunzitsidwa, m'malo mwa chinyumba chimodzi chachikulu chimene ana ambiri a m'dziko muno sadzalowamo. Dziko likamaika ndalama pa kuonerera n'kuiwala kusewera, ndiye kuti masewero lawapatsa malo olakwika ndithu, monga mukunenera.

Chimene chikundisowetsa tulo masiku ano si bwalo, ndi kubetcha. Mpira wa ku England ukuonetsedwa m'mavidiyo sho mpaka m'misika ya kumudzi, pafupi pomwepo pali nyumba yobetchera, ndipo amene ali ndi foni safunanso nyumbayo. Mnyamata wa kabaza wapalasa njinga tsiku lonse, madzulo akuika ndalama pa matimu 10 kapena 15 pa tikiti imodzi. Mawa mumumva akuti, "Timu imodzi yokha ndiyo yandiwonongera." Sadziwa kuti timu imodziyo idzakhalapo pafupifupi nthawi zonse. Tiyerekeze kuti pa mpira uliwonse ali ndi mwayi 7 pa 10 wolondola, womwe ndi mwayi waukulu kale. Akaphatikiza mipira 10, mwayi woti alondole yonse umatsika kufika pafupifupi 3 pa 100. Ndipo kampani imakonza mitengo yake mwakuti zolowa zizichuluka kuposa zotuluka. Si tsoka, ndi masamu, ndipo inu mungawafotokoze bwino kuposa ine. Ambiri amayamba ndi mpira n'kuthera pa kandege, juga ya pafoni ija, kumene kulibe ngakhale timu yoti aikonde. Lamulo limaletsa ana osakwana zaka 18 kubetcha, koma foni siyang'ana nkhope. Ndaonapo fizi ikuthera mmenemo, ndaonapo ndalama ya fetereza ikuthera mmenemo, ndipo ndapitapo kukapepesa banja limene mnyamata wawo, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha, anagulitsa njinga ya bambo ake. Chondipweteka n'chakuti malonda a makampaniwa amalengezedwa pakati pa mpira weniweniwo, ana akumvera. Pamenepa sindikutsutsani ngakhale pang'ono. Chikondi cha anthu pa mpira chasanduka khomo lolowera m'matumba mwawo.

Palinso zina zimene sitiyenera kuzibisa. Oyimbira mpira amagendedwa, masapota amamenyana pa zipata chifukwa chokhulupirira zitsamba, ndipo ndamvapo kwa amayi angapo kuti tsiku limene timu ya bambo yagonja ana amagona msanga. Amuna ambiri amathera Loweruka ndi Lamulungu pa mpira pamene ntchito ya pakhomo yatsalira mkazi. Zimenezi si mpira unazilenga, koma mpira wakhala chobisalamo chake.

Tsopano ndikucheukireni inuyo, chifukwa m'kalata yanu muli chinthu chimene mwachitchula mongodutsa. Mayi anu ali ndi BP, ndipo inu mumakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Vutoli limayendanso m'magazi a pabanja. Masewero mukhoza kuwakana, palibe angakuimbeni mlandu, koma thupi lanu limafunabe kuyenda. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mpaka kupuma mofulumirirapo kwa mphindi zosachepera 150 pasabata, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku asanu. Mmenemo mulibe mawu oti mpira, mulibe timu, mulibe wopambana ndi wogonja. Tsikani minibasi siteji imodzi kapena ziwiri musanafike kuntchito n'kuyenda mwandawala. Limani kadimba kuseri kwa nyumba. Palasani njinga. Paukwati musamangokhala pampando. Ndipo mukapeza mpata kayezetseni BP yanu. Wokonda mpira amene wakhala pa benchi maola atatu botolo lili m'manja sanakuposeni kalikonse pa nkhani ya thanzi. Mayi wa kumudzi amene watunga madzi, kusinja ndi kupalira wachita zambiri kuposa nonse awiri, ngakhale palibe amamutcha wamasewero.

Za Lolemba kuofesi sinditaya nazo nthawi yambiri. Musadzikakamize kusankha timu kuti mufanane ndi anzanu, bodza lotere limatopetsa. Nenani poyera kuti, "Ine za mpira sindizitsata," ndipo mukafuna kucheza afunseni chimene chawakondweretsa. Anthu amakonda kufotokozera munthu amene akumvetsera. Komanso musasandutse Lolemba lawo kukhala mlandu wa bajeti ya dziko, nkhani imeneyo ili ndi malo ake, kwa phungu wanu, ku khonsolo, ku komiti ya sukulu. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti muofesimo muli wina amene amangogwedeza mutu ngati inu.

Mwana wanu muloleni. Ndikunena mosazengereza. Ana a msinkhu wake amafunika kuthamanga ndi kusewera pafupifupi ola limodzi tsiku lililonse, ndipo iyeyu wapeza yekha njira imene akuikonda. Atsikana ambiri amasiya masewero akatha msinkhu chifukwa cha manyazi, ntchito za pakhomo ndi mawu a anthu, ndiye amene akulirira yekha musamuzimitse. Padzakhala onena kuti mpira wamiyendo ndi wa anyamata, ena adzati udzamulepheretsa kubereka. Zimenezo si zoona. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi. Tabitha wakhalapo womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy ndiponso ya ku France, ndipo Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Scorchers, timu yathu ya dziko ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kum'mwera kwa Africa mu 2023 itagonjetsa Zambia. Koma musamulole chifukwa choyembekezera kuti adzakhala Temwa. Ofika kumeneko ndi owerengeka kwambiri, ndipo osewera ambiri a m'dziko muno amapuma mpira alibe kanthu m'manja. Sukulu ikhale patsogolo, mpira uzibwera pambuyo pa homuweki. Muloleni chifukwa akusangalala, akupeza anzake, akuphunzira kugonja osalira ndi kupambana osanyoza.

Kumulola sikutanthauza kungomutsegulira chitseko. Dziwani amene akuwaphunzitsa, dzina lake ndi kumene amakhala. Funsani ngati pamakhala munthu wamkulu wamkazi nthawi zonse, makamaka akamapita kukasewera kutali. Gwirizanani nthawi yobwerera kunyumba, dzuwa lisanalowe. Muuzeni mwanayo momveka kuti palibe mphunzitsi wa timu amene ali ndi ufulu womuitana payekha, kumugwira mosayenera kapena kumulonjeza malo mu timu posinthana ndi china chilichonse, ndipo kuti zoterezi zikachitika akuuzeni inu kapena mayi ake, simudzamukalipira. Ndikunena izi chifukwa pa zaka zanga zonse ndakumanapo ndi milandu yotere, ndipo nthawi zambiri inkachitika pamene makolo sankabwera n'komwe kubwalo.

Ndiye Loweruka likubwerali pitani naye. Simufunika kudziwa malamulo a mpira, ingoimani m'mbali mwa bwalo pamalo poti akuoneni akacheuka. Mufike msanga, asanayambe, kuti muone mmene amagawira matimu. Mukaona ana awiri akusankha anzawo, mzere ukuchepa, kamtsikana kena katatsala kokha kakuyang'ana pansi, pabwalo ponsepo palibe amene angadziwe zimene kakumva kuposa inu. Mpira ukatha mutengereni mphunzitsiyo pambali, mumuuze mwaulemu kuti matimu aziwagawa yekha powerenga manambala, wani, thu, wani, thu, ndipo pagolo azisinthana.